Kodi boma lizilipira munthu chifukwa chosadula mitengo yake yomwe?

Wakukasupe:
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Bambo athu atamwalira anatisiyira malo ife ana anayi, ndipo mbali yaikulu ya malowo ndi nkhalango yachilengedwe yomwe ili motsetsereka phiri. Mkati mwake muli kasupe yemwe saphwa ngakhale chilimwe chikule bwanji, ndipo kamtsinje kotuluka pamenepo kamakathira mumtsinje waukulu womwe anthu akumunsi amamwa. Tsopano kwabwera wogula mitengo. Akuti atipatsa ndalama nthawi imodzi, iye adule ikuluikulu yonse. Alongo anga awiri avomera kale. Ine ndikukana, koma akandifunsa kuti "nanga poti ukukana, ana athu uwalipirira sukulu ndiwe?" kukamwa kumandiuma. Ndinamvapo kuti m'mayiko ena boma limalipira eni nkhalango kuti asadule. Kodi n'zoona? Zimayenda bwanji?

Wokhomamsonkho:
Pepani mayi ndi imfa ya bambo. Koma mundikhululukire, ine ganizo limeneli silindilowa. Nkhalango ndilibe, msonkho ndiye ndimakhoma mwezi ndi mwezi. Ndiye ndalama yanga ipite kwa munthu woti ali kale ndi malo, ntchito yake n'kungopinda manja? Mawa wina adzati ndilipireni chifukwa sindinabe.

Wazamadzi:
Achimwene a Wokhomamsonkho, ndalamayo mukulipira kale, kungoti simuiona. Ine ntchito yanga ndi yoyeretsa madzi a m'mipopi. Mvula ikagwa paphiri lomwe lili ndi mitengo, imayamba yaswekera pamasamba, kenako n'kugwera pazinyalala zofunditsa nthaka, ndipo yambiri imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe ngati wa mayiwa. Phiri lomwelo likametedwa, madzi amathamanga pamwamba, amakokolola dothi, n'kutifika ife ali phala lokhalokha. Pamenepo timathira mankhwala ochuluka kuti matope adikhe, zosefera zimatsekeka msanga, damu limadzaza mchenga. Zonsezi zimathera pa bilu yanu ya madzi. Kulipira ndiye mulipira ndithu. Chatsala n'kusankha pakati pa kulipira kumtunda madzi asanade, ndi kulipira kumunsi atada kale.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndithirepo ndemanga, poti nkhani imeneyi ndinaiwerengapo kwambiri nditapuma ntchito. Chitsanzo chomwe anthu amakonda kutchula ndi cha mzinda wa New York. Pafupifupi 90 peresenti ya madzi ake amachokera kumapiri a Catskill ndi kuchigawo cha mtsinje wa Delaware, makilomita oposa 150 kuchokera mumzindamo, ndipo malo ambiri kumeneko ndi a anthu wamba, alimi a ng'ombe ndi eni nkhalango. Mu 1989 boma la America linakhazikitsa lamulo loti madzi a m'mitsinje ndi m'madamu azisefedwa, pokhapokha mzinda utasonyeza kuti ukuteteza komwe madziwo amachokera. Akuluakulu a New York atawerengera anapeza kuti malo osefera madzi angadye madola pafupifupi 6 biliyoni kapena kuposa, osawerengera ndalama zoyendetsera chaka ndi chaka. Mu 1997 anasaina pangano ndi maboma aang'ono a kumapiriko. Mzinda unayamba kugula malo kwa okhawo ofuna kugulitsa, kulipira eni malo ena kuti asamangepo nyumba, kukonzera anthu zimbudzi zawo, ndi kuthandiza alimi kuti ndowe za m'makola zisalowe m'mitsinje. Mpaka lero madzi a ku Catskill ndi Delaware sadutsa m'malo osefera aakulu aja.

Chochititsa chidwi n'chakuti mzinda womwewo uli ndi gwero lina la madzi, la Croton, lomwe lili pafupi ndi mzinda ndipo anthu anamangako kwambiri. Limenelo anachita kulimangira malo osefera, omwe anatsegulidwa mu 2015 atadya madola oposa 3 biliyoni. Ndipo Croton amapereka gawo laling'ono chabe la madzi a mzindawo.

Wokhomamsonkho:
Aphunzitsi, chabwino, masamu a New York ndawamva. Koma kumeneko wolipira ndi womwa madziwo. Zimenezo sindikutsutsa. Ndikutsutsa zoti atenge m'thumba la boma lonse.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwagwira pofunika. Koma musaganize kuti ku Catskill zinayenda ngati ukwati. Anthu a kumeneko anali ndi chilonda chakale, chifukwa pomanga madamu a mzindawo, monga la Ashokan, la Pepacton ndi la Cannonsville, midzi yathunthu inamira ndipo anthu anasamutsidwa mokakamiza, manda omwe anafukulidwa. N'chifukwa chake pa pangano la 1997 anaumirira zedi kuti mzinda usalande malo a munthu aliyense. Wogulitsa azigulitsa mwa kufuna kwake.

Wamatabwa:
Ine ndine wodula mitengo, ndipo sindichita nazo manyazi. Mipando yomwe mwakhalira polemba zimenezi inachokera kwa anthu onga ine. Chomwe chimandinyansa pa nkhani zoterezi n'chakuti mumayankhula ngati njira zilipo ziwiri zokha, kupsereza phiri lonse kapena kusakhudza ngakhale nthambi. Nkhalango imakololedwa bwinobwino. Umasankha mitengo yokhwima, umasiya ya m'mbali mwa madzi, sulowetsa galimoto nthawi ya mvula. Mayi Wakukasupe, munthu amene akuti adule "ikuluikulu yonse" nthawi imodzi ameneyo ndi wolusa, sadzabweranso kudzaona chomwe wasiya.

Mphunzitsi Wopuma:
Bambo Wamatabwa, zomwe mwanenazi ndi zomwe ndondomeko ina ya ku America imatsata. Dzina lake ndi Forest Legacy Program, inakhazikitsidwa mu 1990. Dziwani kuti m'dziko limenelo nkhalango zoposa theka zili m'manja mwa anthu ndi makampani, si za boma. Ndiye boma linaona kuti mdani wamkulu wa nkhalango si macheka ayi, koma kuduladula malo n'kumagulitsa ngati mapuloti. Mtengo wodulidwa umaphukira, koma pomwe pathiridwa simenti patha. Choncho kawirikawiri boma siligula malo enieniwo. Limagula ufulu umodzi wokha, wosintha nkhalangoyo kukhala china chake. Kumeneko amati conservation easement. Mwini amakhalabe mwini, amatha kukolola matabwa motsata dongosolo lomwe agwirizana, amatha kugulitsa malowo kapena kusiyira ana, koma aliyense amene adzawatenge sangawasandutse mapuloti. Boma lalikulu limapereka mpaka 75 peresenti ya ndalama zogulira ufuluwo, yotsalayo ichokere ku maboma a zigawo, mabungwe, kapena mwini yemweyo avomere kulandira ndalama zocheperako.

Ndipo a Wokhomamsonkho, ndalama zake zimachokera kuthumba lotchedwa Land and Water Conservation Fund, lomwe limadzazidwa makamaka ndi zomwe makampani okumba mafuta pansi pa nyanja amalipira boma. Mu 2020 anakhazikitsa lamulo loti thumbalo lizilandira madola 900 miliyoni chaka chilichonse.

Wakukasupe:
Aphunzitsi, dikirani kaye. Mwati aliyense amene adzawatenge? Kutanthauza kuti mpaka kalekale?

Mphunzitsi Wopuma:
Mpaka kalekale, mayi. Zimalembedwa pa chikalata cha malo.

Wakukasupe:
Apo ndiye mtima wanga wagunda. Ndalama ndidye ine lero, chingwe chimange adzukulu anga omwe sanabadwe? Ndikufuna kasupe atetezedwe, koma sindikudziwa mavuto omwe iwo adzakumane nawo.

Mwanawasukulu:
Ndiloleni ndilowererepo ngakhale ndine wamng'ono pano. Ndikuphunzira za nkhalango ndipo nkhani ya mayiyi ndi yomwe timakanganapo m'kalasi. Si mayiko onse amamanga mpaka kalekale. Ku Costa Rica amachita mapangano a zaka zochepa, kawirikawiri zisanu, ndipo amalipira chaka ndi chaka pa hekitala iliyonse. Zinayamba mu 1997 kutsatira lamulo la nkhalango nambala 7575 la 1996, ndipo bungwe loyendetsa ndi FONAFIFO. Ndalama zambiri zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, 3.5 peresenti ya msonkhowo, ndipo pambuyo pake anawonjezera gawo la ndalama zomwe ogwiritsa ntchito madzi amalipira. Lamulo lawo limanena poyera zinthu zinayi zomwe mwini nkhalango amachitira dziko: kusunga madzi, kuyamwa mpweya woipa, kusunga zamoyo zosiyanasiyana, ndi kukongoletsa dziko. Ku Finland nako, pansi pa ndondomeko ya METSO, mwini amasankha yekha pakati pa pangano la zaka 10 ndi lamuyaya.

Wokhomamsonkho:
Nanga zaka zisanu zikatha? Wadya ndalama zanga zaka zisanu, chaka chachisanu ndi chimodzi n'kuitana a Wamatabwa. Ndiye ndagula chiyani ine?

Wamatabwa:
Mwagula mitengo yonenepa bwino kuti ine ndidzadule. Zikomo kwambiri bwana.

Mwanawasukulu:
Hahaha. Koma ku Costa Rica sangamete nkhalango yonse, chifukwa lamulo lomwelo la 1996 linaletsa kusandutsa nkhalango kukhala munda kapena msipu. Ena amati malipirowo anali ngati uchi womwetsera mankhwala owawa, kuti eni malo avomere chiletsocho. Ndipo ndinene chilungamo, mfundo ya a Wokhomamsonkho ili ndi mano. Costa Rica amatamandidwa kuti nkhalango zake, zomwe zinatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko m'zaka za m'ma 1980, tsopano zaposa theka. Koma ofufuza angapo anapeza kuti m'zaka zoyambirira ndalama zambiri zinapita kwa anthu omwe sakanadula n'komwe, eni malo akutali ndi misewu kapena otsetsereka moti sangalimike. Kudula kunali kutatsika kale chifukwa malonda a nyama ya ng'ombe anali atagwa ndipo boma linali litasiya kuthandiza anthu kutsegula misipu yatsopano.

Wokhomamsonkho:
Mwamva? Wamng'ono yemweyu wanena zoona zomwe akuluakulu mumazizungulira.

Wazamadzi:
Musavine msanga achimwene. Zomwe wanena mwanayu zikusonyeza kuti ndalama ziyenera kulunjika pamalo oyenera, osati kuti zisakhalepo. Kwa ife a madzi, hekitala imodzi yozungulira kasupe kapena ya m'mphepete mwa mtsinje imaposa mahekitala ambiri a pamalo athyathyathya kutali ndi madzi. Ndipo nkhalango ya mayi Wakukasupe, yomwe wogula waima kale pakhomo, ndiye yoyenera kulipiridwa kuposa ina yomwe palibe akuifuna.

Mayi wa Atatu:
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa pandikhudza. Ndiye kuti amene wasamala nkhalango yake moyo wake wonse, osaopseza aliyense, asalandire kanthu, koma amene wanola nkhwangwa n'kuiika poonekera ndiye alandire? Mukuphunzitsa anthu chiyani pamenepo? Agogo anga ankasunga mitengo ya pachitsime popanda wowalipira. Mukangoyamba kulipira, munthu amayamba kuona mtengo ngati ngongole yomwe boma lili nayo kwa iye. Tsiku lomwe ndalama idzachedwe, adzadula mokwiya.

Mwanawasukulu:
Mayi, mantha amenewo ophunzira ambiri ali nawo. Koma zinayesedwapo mosakonzekera ku Ecuador. Kumeneko kuli ndondomeko ya Socio Bosque, yomwe inayamba mu 2008, ya mapangano a zaka 20. Mitengo ya mafuta itagwa cha m'ma 2015, boma linasowa ndalama ndipo malipiro anaima kwa kanthawi. Anthu anadandaula zedi, koma m'madera ambiri, makamaka omwe malo ndi a mudzi wonse, sanathamangire kudula.

Mayi wa Atatu:
Amenewo anali ndi chiyembekezo choti ndalama ibweranso. Akanauzidwa kuti basi yatheratu, sindikudziwa.

Mphunzitsi Wopuma:
Pa funso loti kodi kulipira kumasinthadi khalidwe la munthu, umboni womwe ine ndimaukhulupirira kwambiri ndi wa ku Uganda, m'maboma a Hoima ndi Kibaale. Ofufuza anatenga midzi 121 n'kuchita mayere. Midzi 60 eni nkhalango analonjezedwa mashilingi 70,000 pa hekitala pachaka ngati sadula, inayo ayi. Patatha zaka ziwiri anayeza ndi zithunzi za setilaiti. M'midzi yolipidwa mitengo inachepa ndi 4.2 peresenti, m'midzi inayo ndi 9.1 peresenti. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2017. Ndalamayo inali yochepa, pafupifupi madola 28 nthawi imeneyo, koma kudula kunatsika ndi theka. Chomwe chinandigwira mtima n'chifukwa chomwe anthuwo ankadulira. Ambiri ankagulitsa mtengo pakagwa vuto, matenda kapena sukulu ya mwana. Nkhalango inali banki yawo. Ndi nkhani yomweyi ya alongo ake a mayi Wakukasupe.

Wakukasupe:
Ndendende aphunzitsi. Alongo anga si anthu oipa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndi mmene akuonera iwo.

Wobzalabulugamu:
Bwanji osangodula yachilengedweyo n'kubzala bulugamu kapena paini? Imakula msanga, ndalama mwapeza, mitengo ilipobe, aliyense wakondwa.

Wazamadzi:
Ayi bambo, chonde, pakasupe ayi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, ngakhale maboma amene. Mtengo umamwa madzi. Nkhalango imathandiza kuti madzi akhale oyera ndiponso kuti nthaka iwamwe, koma mitengo yokula msanga yobzalidwa mothinana pafupi ndi madzi imatha kuumitsa kamtsinje. Ku South Africa anazindikira zimenezi kalekale, moti kuyambira 1995 boma lili ndi ndondomeko ya Working for Water yomwe imalemba anthu ntchito yozula mitengo yachilendo yomwe yafalikira m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, monga paini ndi bulugamu yemweyo. Onani kuti kumeneko ndalama za boma zoteteza madzi zimalipira odula.

Wamatabwa:
Dziko labwino limenelo.

Woyang'anira Gulu:
A Wamatabwa ndi a Wobzalabulugamu, zotsatsa malonda a mbande ndazichotsa. Tibwerere ku funso la mayi.

Mwanawasukulu:
Pa zobzala, China ndi chitsanzo chachikulu. Madzi atasefukira koopsa mumtsinje wa Yangtze mu 1998, boma linayamba mu 1999 kulipira alimi kuti asiye kulima m'malo otsetsereka kwambiri n'kubzalamo mitengo kapena udzu. Poyamba ankawalipira ndi chakudya komanso ndalama. Kukokoloka kwa nthaka kunachepa m'madera ambiri, koma malo ochuluka anabzalidwa mtundu umodzi wokha wa mitengo, moti mbalame ndi tizilombo sizinabwerere ngati mmene zimakhalira m'nkhalango yachilengedwe. Yomwe muli nayo mayi, palibe ndalama yomwe ingaibzale.

Mayi wa Atatu:
Funso lina lomwe palibe walifunsa. Ndalama zimenezi amalandira ndani kwenikweni? Kuti ulowe m'ndondomeko zotere pamafunika chikalata cha malo, mapu, munthu wodzayeza, maulendo opita ku ofesi. Amene angakwanitse zimenezo ndi amene ali nazo kale. Wamasiye wa mahekitala awiri sadzamva n'komwe kuti kuli zotere.

Mphunzitsi Wopuma:
Simunaname. Ku Costa Rica dandaulo limeneli linalipo kuyambira pachiyambi, kuti eni malo akuluakulu ndiwo ankapindula kwambiri. Mayiko ena anayesa kukonza. Ku Ecuador mahekitala oyambirira amalipiridwa ndalama zambiri kuposa otsatira, kuti wamng'ono asaponderezedwe. Ku Mexico, komwe ndondomeko yolipira osunga nkhalango za m'magwero a madzi inayamba mu 2003 ndi ndalama zochokera kwa ogwiritsa ntchito madzi, mapangano ambiri amasainidwa ndi midzi yomwe ili ndi malo limodzi, osati munthu mmodzimmodzi. Koma kumenekonso pamabuka funso loti ndalama ikafika pamudzi imagawidwa bwanji, ndipo amene ankatola nkhuni m'nkhalangomo, yemwe dzina lake silili pa pepala lililonse, amapita kuti.

Wokhomamsonkho:
Ndinene pomwe ndafika, kuti musandiyese mwala. Ngati ndalama ikuchokera pa bilu ya madzi n'kupita kwa osunga mtsinje womwe ndikumwawo, ndivomera, bola andionetse pa bilupo kuti ndi zingati. Ngati alipo woyendera n'kuona kuti mitengo ilipodi asanalipire, ndivomera. Chomwe ndikukanabe n'chakuti munthu wa mahekitala 5,000, yemwe sanaganizepo zodula, alandire mamiliyoni a boma n'kumatchedwa ngwazi ya chilengedwe.

Wazamadzi:
Za pa bilu zija zimachitika ku Quito, likulu la Ecuador. Thumba lawo la madzi, FONAG, linayamba mu 2000 ndipo kampani ya madzi ya mzindawo imaikamo gawo la ndalama zomwe imatolera. Ku Nairobi anayambitsa lofanana nalo mu 2015 lothandiza alimi a kumtunda kwa mtsinje wa Tana. Ndiye achimwene mwayandikira kwathu kuno osadziwa.

Wokhomamsonkho:
Ndayandikira ndi mwendo umodzi.

Wakukasupe:
Ndabweranso patatha masiku, pepani ndinasowa. Ndinapita ku ofesi yoona za nkhalango kukafunsa. Anandilandira bwino koma anati chilichonse chomwe angatithandize chimafuna chikalata cha malo, ndipo chathu chikadali m'dzina la malemu bambo. Kusintha kokhako kukufuna kuti tonse anayi tisaine ndiponso ndalama yomwe pakali pano tilibe. Mayi wa Atatu, munalosera.

Lamlungu tinakhala pansi ndi alongo anga ndi mng'ono wanga. Ndinawawerengera zina mwa zomwe mwalemba pano, makamaka za a Wamatabwa, poti ndinadziwa kuti za New York angoti zimenezo n'za azungu olemera. Wamkulu anakwiya kaye, akuti ndikutengera nkhani za pabanja kwa anthu osawadziwa. Koma pamapeto tagwirizana kuti wogula uja timubweze. Tifuna munthu wodziwa adzayende nafe n'kuika chizindikiro pa mitengo yokhwima ya kumunsi kosatsetsereka, tigulitse yokhayo, ndipo gawo la ndalamayo lisinthire chikalata. Kuzungulira kasupe ndi motsatira kamtsinje sitikhudza. Izi tangogwirizana pakamwa, ndipo mlongo wanga wachiwiri sanayankhe bwinobwino, anangoti tiona.

A Wamatabwa, m'mbali mwa madzi mumasiya mamita angati?

Wamatabwa:
Zimatengera kutsetsereka kwake komanso malamulo a komwe muli, ndiye mufunse ku ofesi komwe munapitako. Ine pandekha, pamalo otsetsereka sindiyandikira madzi kuposa kutalika kwa mtengo wautali kwambiri wa pamenepo, ndipo pakasupe ndimawirikiza kawiri. Wodzaika zizindikiroyo asakhale yemwe adzagule mitengoyo. Ndipo muwerenge zitsa akamaliza.